Assistenzarzt sanali womanga mabala chabe, anali dokotala wathunthu

Achimwene, mwafunsa za chithunzi chakale chimene mwaika apachi, cha mzungu wovala yunifolomu ya asilikali a ku Germany, pansi pake palembedwa kuti Assistenzarzt. Mukufuna kudziwa ngati anali dokotala weniweni kapena wongothandizira madokotala. Ndaona ena ayankha kale kuti anali womanga mabala basi. Ayi ndithu, si choncho. Mundilole nditalikitseko pang'ono, chifukwa udindo umenewu madokotala a kumeneko anauvutikira zaka zambiri asanaupeze.

Arzt m'Chijeremani ndiye kuti dokotala. Munthu wa pachithunzipo anali atamaliza maphunziro onse a udokotala, ali ndi chilolezo cha boma chochizira odwala. Mawu a kumayambirirowo akungosonyeza kuti mwa maofesala onse a zachipatala iyeyo ndiye anali wamng'ono, wofanana ndi Leutnant, lefutenanti wongoyamba kumene. Akakwezedwa ankakhala Oberarzt, kenako Stabsarzt amene anali ngati kaputeni, kenako Oberstabsarzt amene anali ngati meja. Poyamba a Assistenzarzt anali m'makalasi awiri, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 a kalasi yoyamba anayamba kutchedwa Oberarzt. Pansi pake panali Unterarzt, amene anali asanalowe m'gulu la maofesala. Chenjerani mukamawerenga za ku Austria-Hungary: kumeneko dokotala wofanana ndi kaputeni ankatchedwa Regimentsarzt, ndipo Stabsarzt anali meja. Dzina limodzi, koma kulemera kwake kosiyana.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuti anauvutikira? Kalekale wochiza asilikali ankatchedwa Feldscher, dzina lochokera ku ntchito yometa. Munthu yemweyo ankameta ndevu za maofesala, kuzula mano, kutumbula zithupsa ndi kudula miyendo yophwanyika pa nkhondo. Luso ankaliphunzira pogwira ntchito pafupi ndi mnzake wodziwa, osati ku yunivesite, ndipo ulemu wake unali wochepa kwambiri. Mfumu Joseph II ya ku Austria inatsegula sukulu ya madokotala a asilikali, Josephinum, ku Vienna mu 1785. Ku Berlin, dokotala wa asilikali Johann Goercke anayambitsa ina mu 1795, yotchedwa Pépinière. Dzinali ndi la Chifalansa, ndipo limatanthauza nazale ya mbande. Sukuluyi inasintha dzina mu 1818, ndipo mu 1895 inakhala Kaiser-Wilhelms-Akademie. Komabe ngakhale anaphunzira chonchi, madokotala a ku Prussia, ufumu wa Chijeremani umene likulu lake linali Berlin, anakhala nthawi yaitali akuwerengedwa ngati antchito a boma otumikira pakati pa asilikali. Gulu lawo la maofesala a zachipatala linakhazikitsidwa mu 1873, nkhondo ya Germany ndi France ya 1870 mpaka 1871 itangotha.

Chimene chimandikhudza mtima pa sukulu ya ku Berlin ija n'chakuti inali khomo la ana a anthu osauka. Boma linkalipira maphunziro, koma ukamaliza unkabweza ngongoleyo ndi zaka zako: pa zaka zinayi za sukulu, zaka zisanu ndi zitatu mu yunifolomu. Wophunzira akafika kumapeto kwa maphunziro ankayamba wagwira ntchito ngati Unterarzt m'chipatala chachikulu cha Charité, kenako n'kutumizidwa ku gulu la asilikali, nthawi zambiri ku tauni yakutali kumene sanasankhe yekha. Emil Behring anali mwana wa mphunzitsi wa kumudzi, m'banja la ana 13, ndipo ndalama za yunivesite panalibe. Analowera khomo limeneli mu 1874, anadutsa m'maudindo ang'onoang'ono amenewa, ndipo mu 1901 anakhala munthu woyamba kulandira mphotho ya Nobel ya zachipatala chifukwa cha mankhwala a diphtheria, nthenda yotseka kukhosi imene inkapha ana ambirimbiri. Akatswiri otchuka a sayansi Rudolf Virchow ndi Hermann von Helmholtz nawonso anaphunzira pa sukulu yomweyo. Ndiye munthu akanena kuti awa anali ongomanga mabala, ine sindingakhale chete.

Ntchito ya Assistenzarzt ya tsiku ndi tsiku sinali yapamwamba ayi. M'mawa asilikali odwala ankandanda pakhomo pa chipinda cha odwala m'baraki. Iye ankawaona mmodzimmodzi: uyu matuza a nsapato aphulika, uyu akutsokomola, uyu akutsegula m'mimba, uyu mwina akungofuna kuthawa perete. Kugamula kuti ndani agone, ndani abwerere ku ntchito, inali mbali yake, pamene kaputeni wa gululo akufuna anthu ake onse pabwalo. Ankapima anyamata olowa kumene usilikali, kuyang'ana madzi, khitchini ndi zimbudzi, komanso kubaya katemera wa nthomba. Katemerayu asilikali a Prussia ankalandira mokakamiza kuyambira mu 1834, ndipo pa nkhondo ya 1870 ija nthomba inapha asilikali a France ochuluka kwambiri kuposa a Germany. Nkhondo ikavuta, dokotala wamng'onoyu ndiye ankakhala kufupi ndi zipolopolo, pamalo oyamba omangira ovulala, atavala chizindikiro cha mtanda wofiira pamkono monga linanenera pangano la ku Geneva la 1864. Ankaletsa magazi, kumanga fupa, kulemba kakhadi ka wovulala, n'kumutumiza kumbuyo kumene kunali madokotala aakulu. Kulamula asilikali pomenya nkhondo sinali ntchito yake.

Ifenso nkhaniyi inatiyandikira. Germany italamulira dziko limene lero ndi Tanzania, asilikali ake a Schutztruppe anali ndi madokotala awo kumpoto kwa nyanja yathu, dera la Langenburg, kufupi ndi Karonga. Mmodzi wa iwo anali Friedrich Fülleborn, amene anagwira ntchito kumeneko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 uku akusonkhanitsa nyama ndi nsomba zoti akatswiri akafufuze. Mbuna ina ya m'nyanja ya Malawi, Labeotropheus fuelleborni, inatenga dzina lake. Tisaiwale kuti anthuwa ankatumikira gulu la nkhondo la atsamunda, lomwe linakhetsa magazi ambiri pothetsa kuukira kwa Maji Maji kuyambira mu 1905.

Udindo wa Assistenzarzt unalipobe mpaka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Asilikali a ku Germany a masiku ano, Bundeswehr, alibenso: dokotala akalandira chilolezo amayambira pa Stabsarzt. Koma m'zipatala wamba mawuwa akadalipo, ndipo abale athu ogwira ntchito za unamwino kumeneko angachitire umboni. Assistenzarzt ndi dokotala amene akuphunzira ukatswiri wa mbali inayake, pamene Oberarzt ndi katswiri wamkulu womuyang'anira.

Achimwene, chikulitseni chithunzicho muyang'ane pamapewa. Muyenera kuona kandodo kokulungidwa ndi njoka, chizindikiro cha madokotala. Ngati palibe nyenyezi, ndi Assistenzarzt monga palembedwera. Nyenyezi imodzi ndi Oberarzt, ziwiri ndi Stabsarzt. Mukatha, jambulaninso kumbuyo kwake mutiikire pano, chifukwa ojambula a nthawi imeneyo ankakonda kudinda dzina la tauni yawo pamenepo.