Kodi udokotala ungaphunziridwe pa intaneti?

Wowerenga wina, yemwe ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a udokotala, wandilembera imelo. Akuti maphunziro ambiri pasukulu pawo akuchitikira pa intaneti. Mavidiyo a aphunzitsi amaonera onse osadumpha, koma mayeso akafika m'mutu mumangoti mbee. Akufunsa ngati vuto ndi iyeyo, kapena udokotala suphunzirika pa kompyuta.

Mnzanga, musadziimbe mlandu msanga. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 ndi mliri wa dziko lonse, masukulu ambiri a udokotala anatseka makalasi mwadzidzidzi. Ku America, bungwe la masukulu a udokotala la AAMC linalangiza mwezi womwewo kuti ophunzira ayambe asiya kukumana ndi odwala. Aphunzitsi anathamangira pa Zoom asanakonzeke, ndipo ambiri anangotenga phunziro la ola lathunthu la m'kalasi n'kulijambula momwe linalili. Chizolowezi chimenecho m'malo ena chikadalipo.

Koma gawo lanu liliponso, ndipo pamenepa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse. Kuonera vidiyo kumanyenga. Mphunzitsi akamafotokoza bwino mumagwedeza mutu, zonse zikumveka, n'kuganiza kuti zalowa. Katswiri wa za maganizo wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti zimene munthu wangophunzira zimayamba kuthawa mofulumira m'maola oyambirira. Mu 2006, ofufuza awiri, Roediger ndi Karpicke, anapeza kuti ophunzira amene ankadziyesa okha ankakumbukira zambiri patatha sabata kuposa amene ankangobwereza kuwerenga. Choncho imitsani vidiyo ikafika pakati, tsekani laputopu, tengani pepala mujambule ulendo wa magazi kuchokera mu vena cava (mtsempha waukulu wolowetsa magazi mu mtima) mpaka kukatulukira mu aorta (mtsempha waukulu wowatulutsa), ndi mavalavu onse anayi a mtima. Pomwe cholembera chaima, ndi pomwe simunamvetse. Zimawawa, inde, koma kuli bwino kuzindikira zimenezi muli panokha kusiyana ndi pamaso pa woyesa. Pulogalamu ya Anki imathandiza kukubwezerani mafunso patapita masiku, bola makhadi a mafunsowo muzilemba nokha.

Musaphunzirenso nokhanokha. Pezani anzanu awiri kapena atatu, wina azikhala wodwala: mayi wa zaka 60, akupuma movutikira akagona chagada, miyendo yatupa. Enanu muzimufunsa mpaka mutchule matenda ndi chifukwa chake. Ine ndimaona kuti theka la ola lotere limaposa mavidiyo atatu oonera uli chete, kamera itazimitsidwa.

Tsono funso lanu lachiwiri. Mu 1990, katswiri wa maphunziro a udokotala George Miller anagawa luso la dokotala m'masitepe anayi: kudziwa, kudziwa kagwiritsidwe ntchito kake, kuonetsa kuti ungathe, ndi kuchita ndithu pa wodwala. Awiri oyambawo intaneti imawakwanitsa, mwina kuposa kalasi. Chithunzi cha X-ray kapena mizere ya ECG (yoonetsa kagundidwe ka mtima) mungazikulitse pa sikirini ndi kuzibwereza mpaka diso litazolowera. Koma kusindikiza mimba ya munthu pang'onopang'ono, iye akukoka mpweya, mpaka nsonga ya kapamba wotupa itagunda zala zanu, zimenezo palibe vidiyo ingakupatseni. Chimodzimodzinso kufunafuna mtsempha pa dzanja la mwana amene madzi amuthera m'thupi, mayi ake akukuyang'anitsitsani. N'chifukwa chake mayeso oonetsa luso pa wodwala otchedwa OSCE, omwe Ronald Harden ndi anzake anawafotokoza mu 1975 ku Dundee, ku Scotland, amaika woyesa pambali panu kuti aone manja anu.

Za netiweki yodukaduka kapena laputopu yobwerekana, musazibise ngati chinthu chamanyazi. Uzani aphunzitsi msanga, ndipo pemphani kuti maphunziro aziikidwa pa Moodle (pulogalamu yomwe masukulu amaikapo maphunziro) kapena pena paliponse pomwe mungawakopere n'kuwaonera popanda intaneti. Sukulu yomwe yasamutsira maphunziro pa intaneti ili ndi udindo woonetsetsa kuti aliyense akuwafikira.

Ndipo funsani akuluakulu a sukulu yanu kuti maola amene anapulumuka pochotsa makalasi aja akupita kuti. Ngati sakuwonjezera nthawi ya m'wodi ndi ya m'chipinda choyesezera pa zidole, inu ndi anzanu muli ndi chifukwa chomveka chokadandaulira.