Mwana wamaliza LA, koma kachipangizo kakuonetsabe mizere iwiri

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake anapezeka ndi malungo, anamwa LA masiku atatu onse, n'kuchira. Patatha masabata awiri thupi linatenthanso, ndipo atamubaya chala, mizere iwiri inatulukanso pa kachipangizo koyezera malungo, kusonyeza ngati malungo akadalipo. Akufunsa: kodi mankhwala aja sanagwire ntchito?

Mayi, mwina anagwira ndithu. Kachipangizo kaja, komwe achipatala amati mRDT, sikaona kachilombo ayi. Kamasaka puloteni yotchedwa HRP2, yomwe kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum kamatulutsa m'magazi. Mwaona momwe amachitira: kadontho ka magazi pa kabowo kamodzi, timadzi toyera pa kabowo kena. Timadzito timakankha magazi m'kapepala kamene kali mkati, momwe muli ma antibody (tinthu togwira puloteniyo) opakidwa utoto. Akakumana ndi HRP2 amaigwira, n'kukaunjikana pa chilembo T, mzere n'kufiira. Wa pa C umangotsimikiza kuti kachipangizo kali bwino. Ukapanda kuoneka, ayezenso ndi kena. Zonsezi zimatenga mphindi 15 mpaka 20.

Chovuta n'chakuti HRP2 imachedwa kutha m'thupi. Tizilombo titafa kale, iyo imatha kutsalira masabata angapo, pena kupitirira mwezi. Ili ngati phulusa pa mafuwa: limakuuzani kuti pano panasonkhedwa moto, koma silinena ngati ukuyakabe.

Ine kachipangizoka ndimakalemekeza kwambiri. Kasanafike m'zipatala zathu mu 2011, kumidzi kutentha thupi kulikonse kunkangotchedwa malungo. Komabe kali ndi malire ake. Ku Peru, mu 2010, akatswiri anapeza tizilombo ta malungo tosatulutsa HRP2 n'komwe, timene kachipangizo kosaka HRP2 sikangatizindikire, ndipo dziko la Eritrea linasintha zipangizo zoyezera mu 2016 pa chifukwa chomwecho.

Tsono inu bwererani naye kuchipatala lero lomwe. Tengani buku lake lakuchipatala, muwauze tsiku limene anamaliza LA, mupemphe kuti magazi awaone pa maikulosikopu. Pamenepo amaona tizilombo tenitenito n'kutiwerenga. Tikapezeka, ndiye kuti malungo alipodi, ndipo adokotala asankha mankhwala oyenera. Tikapanda kupezeka, afufuze kwina: chibayo, khutu, njira ya mkodzo. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti mwana angapatsidwenso LA pongoona mzere wofiira, matenda enieni akukula pachifuwa. Choncho musakagule LA wina nokha, chonde.