Hutala ya Hilux yangoti zii: musanagule ina, tcherani khutu pa relay

Achimwene mwafunsa za Hilux yanu ija, ndawerenga zonse. Mwati hutala inayamba ndi kusasa mawu mvula itangoyamba, kenako n'kumalira lero mawa ayi, ndipo tsopano yangoti zii. Fyuzi mwasintha kale, wa m'sitolo ya masipeya akuti mugule hutala yatsopano, pomwe fitinesi, chiphaso chija chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikutha kumapeto kwa mwezi uno. Ndaona ena m'gulu muno akuti ndi clock spring (kalamba ka mawaya ka m'chiwongolero), ena akuti ndi relay (kaswichi koyendera magetsi). Mwina mmodzi walasa, koma onsewo akuombeza galimoto imene sanaigwire. Ndalamayo ikhale kaye m'thumba. Ine zamagetsi a galimoto ndiyo ntchito imene ndimadyera kuno ku Chipata, ndipo pakona ya shedi yanga pali katoni yodzaza mahutala abwinobwino amene eni ake anachotsa poganiza kuti afa.

Mudziwe kaye njira imene magetsi amadzera. Amachoka ku batire, n'kudutsa pa fyuzi, n'kukaima pa relay. Batani lija mumadina pachiwongolero silinyamula magetsi a hutala ayi. Pa ma Toyota ambiri ntchito yake n'kungogunditsa kawaya kakang'ono ku chitsulo cha galimoto, chimene timati ethi. Kakagunda, relay imalumikiza njira yaikulu, magetsi n'kuthamangira kutsogolo kumene kuli hutala. Akamaliza ntchito amabwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha galimoto chomwecho. Ndiye relay ili pakati penipeni pa ulendowu, ndipo ubwino wake ndi woti ikamagwira ntchito imamveka.

Imikani galimoto pamalo a phee, osati pafupi ndi msika wa Kapata pamene ngakhale mawu anu omwe simungawamve. Zimitsani injini, tsegulani boneti, vundukulani kabokosi kakuda ka mafyuzi kali pafupi ndi batire. Kuseri kwa chivundikirocho anajambulako malo a chilichonse. Funani palembedwa HORN. Ikani chala pa relay imeneyo, mwana adine hutala m'katimo. Kiyi safunika, hutala ya Toyota imalira ngakhale galimoto ili chizimire. Mukamva kakuti "tchi" ndipo chala chikumva kugunda, dziwani kuti batani, mawaya a m'chiwongolero ndi clock spring yomwe akunena anzathuyo zonse zili bwino, vuto lili kuchokera pa relay kupita kutsogolo. Mukapanda kumva kanthu, vuto lili kumbuyo. Pa ma Hilux ena atsopanoko relay ya hutala anaimangira pamodzi ndi zinzake m'chinthu chimodzi chosazuka pachokha, komabe mukayandikiza khutu kugundako kumamveka.

Ine mtima wanga ukundiuza kuti mudzakamva kaphokosoko, ndipo chifukwa chake mwanena nokha. Clock spring siisasitsa hutala mawu. Iyo imangouza relay kuti lumikiza, basi. Ikayamba kuduka hutala imalira bwinobwino kapena siilira n'komwe. Kusasa kumabwera hutala ikamalandira magetsi operewera, kapena m'kati mwake mukalowa madzi ndi dzimbiri. Onjezani kuti zayamba ndi mvula, komanso mwati mumayenda msewu wa ku Chadiza. Walira mvula walira matope, ndipo matope onse a mumsewu umenewo amathera kuseri kwa grille, sefa ija ya kumaso kwa galimoto, pamene hutala imakhala.

Tiyeni kutsogoloko. Zulani pulagi ya pa hutala muiyang'ane m'kati. Mukaona zobiriwira ngati ndere, kapena zoyera ngati phulusa, mwayamba kuyandikira. Tsopano mufunika tesita. Ngati mulibe, tengani babu la indiketa la 12 volts, lija la 21 watts, mulimangirire mawaya awiri. Waya mmodzi alowe m'pulagi, winayo agunde mutu wa negetivu pa batire, mwana uja adinenso. Babu liyenera kuwala mwamphamvu. Apa ndimakangana ndi anyamata amene angogula kumene multimeter, mita yoyezera magetsi. Mita imatha kukuonetsani 12 volts pa waya amene watsala ndi kaulusi kamodzi kokha m'kati, chifukwa mitayo siikoka magetsi. Hutala imodzi imakoka ma amp angapo, kawirikawiri pakati pa 3 ndi 6, ndiye kaulusi kaja sikangakwanitse. Babu silinama, likangoti psuu mofiira ngati khala lozilala, pali pena pamene waya wadyeka kapena mano a m'kati mwa relay apsa.

Babu likawala bwino, musathamangirebe kusitolo. Onani kuti hutala yanu ili ndi mawaya angati. Zambiri za Toyota zili ndi waya mmodzi yekha, kutanthauza kuti ethi imadzera pa kachitsulo koimangirira ndi bawuti yake. Bawuti imeneyi ndiyo inandichititsa manyazi ine ndili wophunzira. Panabwera pikapu ya mlimi wina wa ku Katete, yodzaza matumba a nshawa, hutala ili duu. Ndinaiyesa, magetsi akufika. Ndinauza mwini wake molimba mtima kuti hutala yafa. Anakagula ina, ndinamanga, nayonso duu. Mkulu amene ankandiphunzitsa sanayankhule kanthu. Anangotenga sipanala ya 12, n'kumasula bawuti ija, n'kundionetsa kunsi kwake: dzimbiri lofiira lokhuthala ngati chikhokho cha mumphika wa nsima. Anapala ndi sandipepala mpaka chitsulo chinayera, anabwezera hutala yakale ija, ndipo inalira mpaka nkhuku zinabalalika. Mlimiyo anandiyang'ana kamodzi kokha, koma mpaka lero ndimayamba ndi bawuti. Mupale mbali zonse ziwiri, kachitsulo ndi pagalimoto pomwe, mumange zolimba, kenako mupake girisi pang'ono pamwamba kuti madzi asabwererepo.

Zikakanikabe, ichotseni hutalayo mukaiyese payokha. Waya mmodzi kuchokera pa pozitivu ya batire kupita pa dzino la hutala, kachitsulo kake kagunde negetivu. Pa waya wa pozitivuyo ikanipo fyuzi, chifukwa dzanja likaterereka mudzaona moto. Ndipo igwireni kutali ndi khutu. Ikalira mokweza, hutala ilibe mlandu, bwererani ku mawaya. Ikangoti "dugu" kamodzi n'kukhala chete, ikadali ndi moyo. M'kati mwake muli koyilo imene imakoka kambale kachitsulo, ndiye kambaleko kakakokeka kamatsegula timano tiwiri, magetsi n'kuduka, iko n'kubwerera, timano n'kugundananso. Zimenezi zimachitika ka 400 kapena 500 pa sekondi imodzi, ndiwo mawu mumamva aja. Timanoto tikachita dzimbiri kapena tikatalikirana, zonse zimaima. Igogodeni pang'ono ndi chogwirira cha sikuludiraiva magetsi ali olumikiza. Zambiri zimadzuka pomwepo. Kumbuyo kwa mahutala ambiri kulinso kasikuluwu kakang'ono, nthawi zina kokutidwa ndi guluu. Kapotozeni pang'onopang'ono, kotala ya mzungulo basi, muyese, mupotozenso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukakapotoza kwambiri mudzapitirira pamene pali mawu osadziwa. Ikapanda kuchita chilichonse, osagunda n'komwe, koyilo yapsa, ndipo apo wa m'sitolo uja wapambana.

Kunena za nkhono, ngati yanu ndi ija yopindika ngati chigoba cha nkhono, igwedezeni mumve. Ndathirapo madzi odzaza kapu kuchokera m'hutala imodzi. Mtundu umenewu kamwa yake iyenera kuloza pansi. Ambiri amaimanga chagada, ndiye mvula ndi anyamata otsuka galimoto ndi paipi ya mphamvu aja amangoidzazira. Kwa munthu woyenda misewu ya fumbi ndi matope, ine ndimakonda zija zafulati zonga mbale. Mawu ake si okoma kwenikweni koma zimapirira. Ngati galimoto yanu ili ndi mahutala awiri, ina ya mawu aakulu ina aang'ono, n'kutheka kuti kusasa kuja kunali kufa kwa imodzi, inzake n'kutsala ikulira yokha mpaka nayo inatopa. Muyese iliyonse payokha. Batire nalo musaliiwale: galimoto ili chizimire lizionetsa 12.4 mpaka 12.6 volts, injini ikamalira pafupifupi 14. Hutala imene imalira bwino injini ikamayenda koma n'kusasa mukazimitsa ikukuuzani za batire kapena mitu yake yakuda.

Nanga relay ikakhala chete? Bwererani pa fyuzi mwasintha ija. Izuleni muione padzuwa, chifukwa yatsopano imatha kupsa nthawi yomweyo mutangodina. Nambala yake ikhale imene yalembedwa pachivundikiro, kawirikawiri 10 kapena 15. Pa ma Toyota akale fyuzi ya hutala ndi ya mahazadi ndi imodzi, amalemba HAZ-HORN, choncho mahazadi akamaphethira fyuziyo ili bwino. Ikakhala yapsanso, pali waya wosupuka amene akugunda chitsulo. Musaikepo ya 30, ndipo chonde musakulungepo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi ikalephera kupsa, chimapsa ndi mtolo wa mawaya, nthawi zina galimoto yonse. Tsatirani wayayo ndi maso ndi zala, makamaka pamene akudutsa pafupi ndi rediyeta. Pikapu yonyamula chimanga ndi soya imagona ndi makoswe, ndipo si mbewa zathu za ndiwo zija ayi, awa amadya pulasitiki ya mawaya n'kumanga chisa pamwamba pa injini.

Fyuzi ikakhala yabwino, ndipo relay yanu ndi yozuka, sinthanitsani ndi ina yofanana nayo ndendende m'kabokosi momwemo. Ndi mayeso aulere. Ma relay wamba miyendo yake amailemba 85 ndi 86 ya koyilo, 30 ndi 87 ya njira yaikulu. A Toyota enieni amalemba 1 ndi 2, kenako 3 ndi 5. Mukazula relay n'kulumikiza mabowo a 30 ndi 87 ndi kawaya kwa kamphindi, hutala iyenera kulira. Ikalira, kutsogolo konse kuli bwino.

Mukafika apa ndiye tikambe za chiwongolero. Dinani hutala osasiya, uku mukupotoza chiwongolero kuchoka kumanzere mpaka kumanja. Ikalira pena n'kuduka pena, mwaupeza mlandu. Pa Hilux yakale yopanda airbag (thumba lija lofufuma pa ngozi), kuseri kwa chiwongolero kuli mkombero wamkuwa ndi kamsomali kokhala pa sipuling'i kamene kamakhula pamkomberowo. Kamatha ndi zaka, kapena pamadzaza girisi wouma wosakanikirana ndi fumbi. Kupukuta kokha nthawi zambiri kumakwana. Pa ya airbag mpamene pali clock spring, kalamba kopyapyala ka mawaya kokulungidwa ngati nkhata, kamene kamamasuka ndi kukulungika mukamakhota. Ikaduka, kawirikawiri nyali ya airbag imayaka pa dashibodi, ndipo mabatani a wailesi a pachiwongolero, ngati alipo, amafa. Dzifunseninso ngati galimoto inakonzedwapo za siteling'i posachedwa. Ndinalandirapo ina yochokera ku galaja ina kumene anamasula rack, chitsulo chokhotetsa matayala, wina n'kumazunguza chiwongolero chili chopanda kanthu. Kalamba kaja kamangolola mizungulo iwiri ndi theka mbali iliyonse, kupitirira apo kamaduka.

Pa airbag pokha ndikupemphani, ngati simunagwirepo musaphunzirire pagalimoto yanu. Amene akugwira ayambe wachotsa mutu wa negetivu pa batire n'kudikira masekondi osachepera 90. Mapulagi achikasu asawagunditse tesita kapena mita. Airbag akaichotsa aigoneke mbali ya chizindikiro cha Toyota ikuyang'ana kumwamba. Pomanga clock spring yatsopano matayala akhale owongoka, iyonso ikhale pakati, apo ayi idzaduka pa kona yoyamba ndipo mudzagula kawiri.

Wina walemba kuti mungoboola dashibodi muike kabatani kapadera. Kumudzi, kuti mukafike m'tauni, ndingavomere. Koma njinga ikakutulukirani mwadzidzidzi dzanja limathamangira pakati pa chiwongolero, silikumbuka kabatani kali pafupi ndi wailesi. Ndipo ngati clock spring ndiyo yaduka, airbag yanunso mwina yafa, kabataniko kangobisa matenda. Winanso wati mugule hutala ya lole kuti anthu azikuopani. Malole ambiri ndi a 24 volts, hutala yake pa Hilux idzangong'ung'udza. Zija za mpweya zokhala ndi kampopi zimakoka magetsi ambiri kuposa waya wa fakitale, zimafuna relay yakeyake, fyuzi yakeyake ndi waya wonenepa wochokera ku batire.

A RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu, poyesa fitinesi hutala amailiza ndithu, ndiye musapite mukuyembekeza mwayi. Koma ine chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi masiku ano mukuyenda opanda hutalawa. Mukudziwa nokha mmene Great East Road imakhalira polowa m'Chipata madzulo: njinga zasenza makala mopingasa, zina zanyamula anthu, ngolo za ng'ombe zopanda nyali, ana akuweruka kusukulu. Chepetsani liwiro, ndipo usiku muipumitse kaye.

Mawa m'mawa yesani za chala pa relay zija, sizitenga mphindi zisanu. Mubwere mulembe pansi pano ngati yagunda kapena ayi, ngati nyali ya airbag ikuyaka injini ikamalira, komanso mujambule bawuti ya hutalayo mutaimasula, kunsi kwake kuoneke.