Za cheniso yakale mwafunsayi, musapereke ndalama musanaone pisitoni

Achimwene, ndaona funso lanu loti mwapeza Husqvarna 272XP yogwirapo kale ntchito, wogulitsa akuti anabwera nayo kuchokera ku Joni ndipo mtengo wake ndi ochepera theka la yatsopano, ndiye mukufunsa ngati mugule yochekera bulugamu ndi paini kumudzi. Ine ndacheka matabwa zaka zingapo ndithu, ndiye ndiyankheko motalika pang'ono chifukwa ndalama zimenezi sizochepa.

Ukalamba wa makina usakuopseni. 272XP inayamba kutuluka m'ma 1990 koma mpaka lero anthu ocheka matabwa amaikondabe, injini yake ndi ya 72cc, saizi imodzi ndi Stihl MS 381, ilibe za makompyuta mkati, makaniko wodziwa ma injini a two stroke, aja osakaniza petulo ndi oyilo, amaimasula pa sitolo pomwepo nkuibwezera. Komanso masipeya ambiri imabwerekana ndi Husqvarna 61 ndi 268, ndiye simungasowe pogwira. Chimene chimapha cheniso ndi mmene mwini wake ankaisamalira, ndipo zimenezo kunja sizioneka, zili mkati mwa silinda.

Ine yanga yoyamba ndinapsa nayo. Ndinafika kwa wogulitsa nkupeza waitsuka bwinobwino, wakoka chingwe kamodzi yalira, ine mtima pansi, osaganizako kuti bwanji ikutentha chikhalirecho ndangofika kumene. Anali atailiza kale ndisanabwere. Mawa lake mmawa kuzizira ndinakoka mpaka phewa kuwawa, ikalira imvekere bwino koma kungoilowetsa mu chigobo cha bulugamu mphamvu zonse ziii. Makaniko atamasula ekizosi anandiitana kuti ndisuzumire ndekha, pisitoni yonse mizere yokhayokha ngati yakalidwa ndi msomali, ringi itamatirira mu mpata wake. Mwini wakale ankathira oyilo wochepa mu petulo. Ndalama ya pisitoni ndi silinda nditaiphatikiza ndi yogulira ija ndinangotsala pang'ono kufika pa mtengo wa yatsopano, ndipo miyezi iwiri ndinakhala osacheka kanthu, oda ya matabwa a denga la tchalitchi inandidutsa ndikuona.

Ndiye inu mukamapita muwauziretu kuti asailize, mukufuna muipeze yozizira, mukafika gwirani silinda ndi dzanja. Kenako igwireni pa chogwirira cha chingwe chokha muisiye ilendewere, yabwino imatsika modukizadukiza ngati ikukana, ikangotsetsereka mpaka chingwe chonse kutha ndiye kuti komporeshoni, mphamvu yopanikiza mpweya mu silinda, yatha. Ngati ili ndi kabatani kochepetsera komporeshoni musakadine poyesa izi. Mukatero pemphani kumasula ekizosi, ndi mabawuti ochepa chabe, muwalitse tochi ya foni pa bowolo uku mukukoka chingwe pang'onopang'ono. Pisitoni izioneka yosalala yonyowa ka oyilo. Mukaona mizere yoimirira yokuya, bwezani ekizosi mutsanzike. Wogulitsa akakana kuti mumasule, ine pamenepo sindipitiriza nkomwe kukambirana.

Ikalira isiyeni pa aidulo kaye, izilira yokha osagwira mafuta, mumvetsere, muipendeketse mbali iyi ndi inayo. Ikamakwera yokha kapena tcheni kumazungulira inu musanagwire mafuta, mwina ndi kabureta chabe koma nthawi zambiri ndi ma silo a kirankishafuti, timalabala totseka mipata, akulowetsa mpweya, ndipo injini yoba mpweya imatentha nkuwotcha pisitoni ngakhale mutaika yatsopano. Lozetsani nsonga ya ba, chitsulo chomwe tcheni imazungulirapo, pa chitsa kapena pa katoni muponde mafuta, pazioneka kamzere ka oyilo. Ambiri kuno amathira oyilo wakuda wokhetsa mgalimoto ku tcheni, uja amadya pampu ya oyilo pang'onopang'ono, mukatsegula thanki nkupeza zakuda bii dziwani kuti pampu yatsala pang'ono kufa. Ndipo musavomere kungoimvera kulira, pitani ndi chigobo chanu chouma mucheke kangapo mpaka itenthe, muizimitse, muilizenso.

Ba, tcheni, sipuroketi, pulagi, fyuluta, chingwe, izi zikakhala zotha musathawe, ndi zinthu zosintha nthawi zonse, ingozigwiritsani ntchito potsitsa mtengo. Koma bodi ya injini yosweka kapena yomatidwa ndi guluu pafupi ndi mabawuti a ba, iyo ayi.

China chomwe chikundidetsa nkhawa ndi ma feki. Zadzadza zopentedwa olenji zolembedwa Husqvarna kapena Stihl pomwe mkati ndi zina, ndipo zikakalamba pang'ono kusiyanitsa kumavuta kwambiri. Yeniyeni imakhala ndi kachitsulo ka siriyo nambala pa bodi, ndipo pulasitiki yake ndi yolimba yokhala ndi manambala a sipeya mkati mwa kava. Kachitsuloko kakakhala kochotsedwa kapena kopalidwa samalani, ikhoza kukhala feki kapena yobedwa, ndipo katundu wakuba akapezeka mmanja mwanu apolisi sadzafunsa za ku Joni. Mulemberane kapepala kogulitsana, pakhale mboni ndi nambala ya makina.

Buleki ya tcheni muiyese ndithu, ikankheni kutsogolo tcheni iime nthawi yomweyo. Anyamata ambiri amaichotsa ati imasokoneza, koma kucheka matabwa pamanja timagwiritsa kwambiri nsonga ya ba ndipo pamenepo mpomwe makina amadumphira kumaso. Ndinaonapo mnzathu wina atasokedwa pa phewa, sindifuna kuzionanso. Yopanda buleki musatenge pokhapokha mutapeza sipeya yake tsiku lomwelo.

Mukaigula, petulo malita 5 muzisakaniza ndi 100ml ya 2T yabwino (oyilo wa injini za two stroke), ndiyo 50:1 imene opanga amanena, ena timaonjezerako pang'ono chifukwa kung'amba matabwa kumatenthetsa injini kuposa kudula nkhuni. Muziyeza ndi kabotolo osati ndi maso, ndipo musasiyire mnyamata waganyu kusakaniza. Poti mwati bulugamu ndi paini wa mmunda mwanu zili bwino, komabe kadutseni ku ofesi ya za nkhalango ya boma lanu mufunse za mapepala onyamulira matabwa, ndipo mbawa ndi mlombwa musakhudze popanda chilolezo, makina amalandidwa.

Ine nditakhala inu ndikanapita ndi makaniko wanga, kumulipira ka transipoti ndi kachakudya, ndipo ndalama sindikanapereka yonse yomwe ndili nayo, ina ikhale ya tcheni yatsopano, fayilo yonolera tcheni ndi kiti ya kabureta chifukwa izo mudzazifuna mwezi woyamba womwe. Pisitoni ikakhala yosalala, ikalira yozizira ndipo nambala ilipo, tengani osakayika. Mukakamasula ekizosi jambulani pisitoniyo muponye muno tiione limodzi musanatumize ndalama.