Funsani Anamwino: Kapepala kamene kanamuonetsa mchimwene wanga zideruderu

FUNSO: Zikomo anamwino. Mchimwene wanga wamng'ono, wa zaka 21, anafika kwanga usiku wina thukuta lili kamukamu, akuti makoma akupuma ndipo manja ake si ake. Anakhala chonchi mpaka kunja kunacha. Mawa lake anandiululira kuti anzake anamupatsa kapepala koika pa lilime, akuti ndi LSD. Iye akuti n'kabwino kuposa mowa chifukwa munthu sakhala kapolo wake, ndipo akufuna adzayesenso "pamalo abwino". Amalume athu anadwala matenda a maganizo kuyambira ali mnyamata. Sindikufuna kumuthawitsa pomukalipira, koma ndili ndi mantha. Ndimuuze chiyani? — Mlongo wake wodandaula

YANKHO: Mayi, m'kalata yanu yonse chimene chandiimitsa mutu ndi nkhani ya amalume, ndipo ndi imene muyambire nayo pokamba naye. Mankhwala oonetsa zideruderu ngati LSD amatha kudzutsa matenda a maganizo amene anali chigonere mwa munthu, makamaka ngati kumtundu kuli wina amene anadwalapo matenda aakulu a maganizo otchedwa schizophrenia kapena bipolar. Matendawa amakonda kuyamba munthu akungochoka pa unyamata, ndendende msinkhu wa mchimwene wanuyu. N'chifukwa chake ngakhale madokotala amene akufufuza mankhwala amtunduwu m'mayunivesite amakana kulandira munthu amene ali ndi mbiri yotereyi m'banja. Anzake aja akhoza kumwa n'kudzuka bwinobwino, iye osadzuka chimodzimodzi. Kwa iyeyu "malo abwino" sachotsa vutoli, ndipo langizo langa ndi lakuti asayambirenso.

Koma musamutsutse pa zimene wanena zoona, chifukwa mukatero sakumveraninso. N'zoona kuti LSD siigwira munthu ukapolo ngati fodya kapena heroin, ndipo n'zosowa kwambiri kuti yokhayo iphe munthu ngati poizoni. Anthu amavulala chifukwa cha zimene amachita mutu utasokonekera: kuthamangira mumsewu, kulumpha pamalo aatali, kulowa m'madzi, kuyendetsa galimoto. Muvomereni mbali imeneyi, kenako mumufunse kuti usiku uja akanakhala panjira yekha zikanatha bwanji.

Mantha amene munawaona aja si achilendo. Albert Hofmann, katswiri amene anapanga LSD mu 1938 ku kampani ya Sandoz mumzinda wa Basel ku Switzerland, anaiyesa yekha pa 19 April 1943. Anamwa mamaikulogalamu 250 poganiza kuti n'zochepa zedi, pakuti maikulogalamu imodzi ndi galamu imodzi yogawidwa kamiliyoni. Anapalasa njinga kupita kunyumba zinthu zikumupindikira, ndipo atafika anaona mayi woyandikana naye nyumba ngati mfiti, n'kuyamba kukhulupirira kuti wapenga kapena akufa. Ameneyo anali mwini wake, wodziwa chimene wamwa ndi kuchuluka kwake. Mchimwene wanu sadziwa chilichonse mwa ziwirizi.

Pamenepa ndi pamene ine ndimaopa kwambiri. Kapepala sikalembedwa zimene kanyikidwamo. Ogulitsa ena amanyikamo mankhwala otchedwa NBOMe n'kumanena kuti ndi LSD, ndipo amenewa apha anthu ndithu: mtima umathamanga mosalongosoka, thupi limatentha, munthu amagwa n'kumaphupha. LSD yeniyeni siimveka kukoma kulikonse, pamene NBOMe imawawa ndipo imachititsa dzanzi lilime. Mufunseni ngati kapepala kaja kanawawa. M'mayiko ena mumapezeka timadzi toyezera, monga ta Ehrlich, koma timangosonyeza mtundu wa mankhwala, osati mphamvu yake.

LSD imakakhala pa malo a mu ubongo amene amalandira serotonin, kemikolo yonyamula mauthenga mu ubongo, ndiye zimene maso ndi makutu akutumiza zimasakanikirana. Imayamba kumveka pakatha mphindi 30 kapena kupitirira ola, ndipo imatenga maola 8 mpaka 12. Ambiri amalakwitsa pa nthawi yodikirayi: amaona ngati sizinagwire, n'kuwonjezera kachiwiri, zonse n'kudzabwera pamodzi. Ndipo ikayamba palibe chimene mungamumwetse kunyumba kuti ileke.

Popeza ndi wamkulu ndipo simungamumange chingwe, muuzeninso izi mosabisa, ngakhale mukumuletsa. Asasakanize ndi chamba, chifukwa chimakuza mantha ndi chisokonezo. Asasakanize ndi mowa. Ngati akumwa lithium (mankhwala a matenda a maganizo) kapena tramadol (mankhwala ochepetsa ululu), asayerekeze n'komwe, pakuti kusakaniza kumeneku kumagwetsa anthu ngati akhunyu. Asakhale yekha, ndipo pakhale munthu mmodzi amene sanamwe kanthu.

Zikadzachitikanso akabwera kwanu, mutsekereni kutali makiyi a galimoto, mipeni ndi khomo lopita kumsewu. Muchepetse kuwala ndi phokoso, ochuluka atuluke. Mukamuyang'ana m'maso mudzaona kakuda ka pakati katakula kwambiri, nsagwada zili gwa, akufunsa funso limodzimodzi kakhumi. Muyankheni kakhumi komweko ndi mawu otsika: "Ndine mlongo wako, uli kwanga, wamwa mankhwala ndipo atha." Musamutsutse kuti makoma sakupuma, komanso musamuvomereze, ingomuuzani kuti ndi mankhwala akuchititsa. Musamugwire mwamphamvu pokhapokha akufuna kudzivulaza. Madzi amwe pang'onopang'ono. Koma akatentha thupi kwambiri, akaphupha, akamva kupweteka pachifuwa, akakomoka, kapena akayamba kuchita zoopsa, thamangani naye kuchipatala ndipo mukanene zoona za chimene wamwa. Ife anamwino tikabisiridwa timataya nthawi kufufuza malungo ndi zina zosakhalapo.

Pakali pano muziyang'anira tulo take. Ngati papita masiku awiri kapena atatu akulephera kugona, akumva mawu a anthu osaoneka, kapena akukayikira aliyense kuti akumufuna, si mankhwalanso amenewo, akaonane ndi dokotala wa matenda a maganizo msanga. Ena amatsala akuona timizere totsatira zinthu zoyenda kapena tinthu tothwanima kwa miyezi, vuto lotchedwa HPPD, ndipo nalonso n'lofunika kulinena kuchipatala. Mchimwene wanu akumbukirenso kuti pangano la United Nations la 1971 linaika LSD m'gulu loletsedwa kwambiri, choncho pafupifupi dziko lililonse limamanga munthu wopezeka nayo.

FUNSO: Ndinawerenga pa intaneti kuti bowa wina woledzeretsa amachiza matenda ovutika maganizo. Ine ndikumwa mankhwala a kuchipatala koma sindikuona kusintha. Ndiasiye ndiyese bowayu? — Bambo wotopa

YANKHO: Ayi bambo, musasiye mankhwala panokha; ena mwa iwo mukaaleka mwadzidzidzi amakudwalitsani kuposa poyamba. Zimene munawerengazo zili ndi pochokera. Bowayu ali ndi mankhwala oonetsa zideruderu otchedwa psilocybin, ndipo kuyambira July 2023 dziko la Australia limalola madokotala ena ovomerezeka a matenda a maganizo kupereka psilocybin kwa odwala amene mankhwala ena awakanika. Koma kumeneko wodwala amayamba wapimidwa, mlingo ndi woyezedwa, ndipo akatswiri amakhala naye m'chipinda maola onse mpaka mphamvu yake itatha. Bowa wozula kutchire kapena wogula kwa munthu alibe zonsezi, ndiponso n'kosavuta kumusokoneza ndi wapoizoni. Wina wotchedwa Amanita phalloides sapweteka nthawi yomweyo: kusanza ndi kutsegula m'mimba zimayamba patapita maola 6 kapena kuposa, munthu n'kuoneka ngati wachira, chiwindi chikuwonongeka mkati. Bwererani kwa dokotala wanu mukamuuze kuti simukuona kusintha ndipo mwamwa kwa nthawi yaitali bwanji. Mlingo umatha kusinthidwa, ndipo mitundu ya mankhwala ilipo ingapo. Ngati maganizo ofuna kudzipha akukubwererani, musadikire tsiku limene anakulemberani, pitani lero ndipo wina akuperekezeni.