Galimoto yakandidwa usiku, kamera yajambula nkhope: yankho kwa mayi wa ku Kapata

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Kapata, komboni ya mumzinda wa Chipata kuno ku Zambia, mphunzitsi, amene galimoto yawo ya Toyota Vitz imagona panja chifukwa nyumba imene amachita lendi ilibe mpanda. Akuti atadzuka m'mawa anapeza kuti munthu wakanda penti ndi msomali kuyambira pa chitseko chakutsogolo mpaka kumbuyo, wathyola galasi la m'mbali la kwa dalaivala, waswanso zenera limodzi lakumbuyo, koma m'kati simunatengedwe kanthu. Kamera yawo ya m'galimoto (dash cam), imene imayang'ana kutsogolo, inajambula mnyamata akudutsa pakati pa usiku, ndipo iwo akuganiza kuti ndi mwana wa aneba amene anakangana nawo posachedwa pa nkhani ya ngalande ya madzi. Akufunsa zinthu zitatu: ngati inshuwalansi ilipira, ngati angakonzetse galimotoyo tsopano popeza mvula yayandikira, ndiponso ngati angaike kanemayo pa Facebook ndi pa gulu la WhatsApp la m'dera lawo kuti mnyamatayo achite manyazi.

Pepani kwambiri, Amayi. Musanachite china chilichonse, zulani khadi la memory m'kameramo lero lomwe. Makamera amenewa amajambula tizigawo ta mphindi imodzi, zitatu kapena zisanu, ndipo khadi likadzaza amayamba kufufuta akale kuti apeze malo a atsopano, kotero ulendo uliwonse wopita kusukulu ukudya umboni wanu pang'onopang'ono. Koperani mafayilo a usiku wonsewo pa kompyuta monga alili, osadula, osawonjezera mivi kapena mawu, ndipo khadilo mulisunge padera. Kanema amene mwamujambula ndi foni kuchokera pa kagalasi ka kamera, kapena amene wadutsa pa WhatsApp n'kuchepetsedwa, alibe mphamvu yofanana ndi fayilo yoyambirira. Lamulo la Electronic Communications and Transactions Act la 2021 limalola kuti umboni wa pa makina ulandiridwe m'khoti, koma woweruza amayang'ananso mmene umboniwo unapangidwira ndi mmene unasungidwira. Muonenso ngati tsiku ndi nthawi za pa kamerayo zili zolondola, pakuti ambiri sitiziika bwino, ndipo ngati zalakwika muwauze apolisi nokha asanakufunseni.

Tsopano za Facebook, zimene ndikuona kuti ndizo zili pamtima panu. Yankho langa ndi lakuti musamuike kanemayo, ndipo chifukwa choyamba sichili m'malamulo koma m'kanema mwenimwenimo. Mwanena kuti kamera imayang'ana kutsogolo, pamene zokandika, galasi ndi zenera zonse zili m'mbali ndi chakumbuyo. Ndiye kuti chimene muli nacho ndi chithunzi cha mnyamata akudutsa kutsogolo kwa galimoto usiku, osati cha dzanja logwira msomali. Mwina ndi iye ndithu amene anawononga, ndipo mkangano wa ngalandewo ukupereka chifukwa chomukayikira, koma n'kuthekanso kuti anali kuchokera kwa anzake ndipo njira yake ndi imeneyo. Mukalemba pansi pa kanemayo kuti uyu ndiye wowononga, mwamunenera mlandu poyera, ndipo zikalephera kutsimikizika, makolo ake angathe kukusumirani chifukwa chomuipitsira mbiri, inu amene munali wolakwiridwa n'kusanduka woyankha mlandu.

Palinso china chimene tonse timachidziwa ngakhale sitikonda kuchinena. Nkhope ikangotchedwa ya wakuba kapena wowononga pa magulu a m'makomboni athu, sipatenga nthawi kuti anthu amupeze mwini wake, ndipo gulu likapsa mtima silifunsa kuti kamera inali kuyang'ana kuti. Kanema mungamufufute pa tsamba lanu, koma simungamuchotse m'mafoni a anthu amene amukopera kale. Ngati mnyamatayo sanakwanitse zaka 18, nkhaniyo ikukulanso, chifukwa lamulo la Children's Code Act la 2022 limateteza kwambiri mwana woganiziridwa mlandu kuti asaululidwe poyera.

Kukhala ndi kamera m'galimoto yanu si mlandu. Lamulo loteteza chinsinsi cha anthu, Data Protection Act nambala 3 la 2021, limanena kuti silikhudza munthu amene akusunga zinthu zotere pa ntchito ya iye mwini. Kujambula msewu kuti mudziteteze pakachitika ngozi kumalowa bwino m'mawu amenewo, ndipo kupereka kanema kwa apolisi kapena kwa a inshuwalansi kuli ndi cholinga chomveka. Koma mwa kuona kwanga, mukamwaza nkhope ya munthu kwa anthu zikwi kuti achite manyazi, zimavuta kunenanso kuti munali kuchita za inu nokha.

Kanemayo mupite naye ku polisi, ku Chipata Central kapena ku polisi yaing'ono imene ili pafupi nanu. Kuwononga dala katundu wa munthu ndi mlandu pansi pa gawo 335 la Penal Code. Mukafotokoze zimene munapeza ndi zimene kamera ikuonetsa, ndipo za mkangano muzinene monga chifukwa chokayikira, osati monga chigamulo. Mupemphe lipoti la apolisi lolembedwa, ndipo ndalama imene mungalipire pa lipotilo mulandirepo risiti ya boma. Popanda lipoti limeneli kampani ya inshuwalansi nthawi zambiri siyamba n'komwe kuyang'ana nkhani yanu.

Ngati inshuwalansi ilipira kapena ayi zikudalira mtundu umene munagula, ndipo m'kalata yanu simunautchule. Ambiri a ife tili ndi third party yokha, imene lamulo la Road Traffic Act la 2002 limakakamiza galimoto iliyonse kukhala nayo, ndipo timaigula mothamanga pamene tikufuna kulipira msonkho wa pamsewu ku RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu. Imeneyi imalipira anthu ena amene inu mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu, koma galimoto yanu siiwerenga, kaya yakandidwa kaya yaphwanyidwa. Yachiwiri, ya third party, moto ndi kuba, imathandiza galimoto ikapsa kapena ikabedwa, ndipo ena amalipiranso zowonongeka pamene wakuba anali kuyesa kuiba, koma kukanda penti chifukwa cha njiru si kuba. Imene kawirikawiri imalipira zowononga dala ndi comprehensive. Yang'anani pa chikalata chachikulu chimene anakupatsani, osati pa kadisiki ka pagalasi kokha.

Tiyerekeze kuti muli ndi comprehensive. Auzeni mwamsanga, mwa kulemba, chifukwa chikalata chilichonse chimaika masiku ochepa odziwitsira kampani, ndipo kuchedwa ndi khomo losavuta lokanirapo. Adzafuna lipoti la apolisi, laisensi yanu, buku la galimoto, zithunzi, ndi makotesheni a kumagalaja, ndipo kenako adzatumiza munthu wawo woyeza kukula kwa chiwonongekocho. Apa ndi pamene funso lanu lachiwiri likuyankhidwa: musakonzetse munthu ameneyo asanaone galimoto ndiponso kampani isanavomereze mwa kalata. Mukapita nayo itawala kale, palibe chimene angayeze, ndipo risiti ya makanika payokha siwakakamiza kukubwezerani ndalama. Chimene mungachite, ndipo ndi udindo wanu, ndi kuteteza kuti zisawonongeke kwambiri: jambulani zithunzi za mbali zonse nambala ya galimoto ikuoneka, kenako mutseke zeneralo ndi pulasitiki ndi tepi kuti mvula isalowe m'mipando.

Musanalembe fomu, khalani pansi ndi cholembera. Pa chiwonongeko chilichonse pali gawo limene mumalipira nokha, limene a inshuwalansi amalitcha excess, ndipo palinso kuchotsera kumene ena amapereka kwa munthu amene chaka chatha osapempha malipiro. Mongoyerekeza, ngati kukonza konse kukufuna K4,000 ndipo gawo lanu ndi K2,500, kampani ikupatsani K1,500 yokha, ndipo chaka chamawa mungalipire zambiri chifukwa kuchotsera kuja kwatha. Zikatero kuli bwino kukonzetsa ndi ndalama zanu, ngakhale kuwadziwitsa kumafunikabe. Mufunsenso ngati magalasi ali ndi gawo lawolawo m'chikalatacho, pakuti makampani ena amalipira galasi losweka padera popanda kukhudza kuchotserako. Muonenso zimene munalemba polowa: ngati munanena kuti galimoto imagona m'mpanda wokhoma pamene imagona panja, kapena kuti ndi yoyendera inu nokha pamene Loweruka mumanyamula anthu olipira kupita ku Mwami, yembekezerani mafunso ovuta. Akakukanirani popanda chifukwa chomveka, pemphani kuti alembe chifukwacho, ndipo dandaulo lanu mungalipititse ku Pensions and Insurance Authority, bungwe limene limayang'anira makampani onsewa m'dziko muno.

N'kutheka kuti makolo a mnyamatayo, akaitanidwa ku polisi, adzapempha kuti mukambirane monga anansi ndipo iwo alipire. Sindikuona choipa m'zimenezo, pakuti mudzakhalabe moyandikana mlandu utatha. Koma mulembe pangano losainidwa pamaso pa mboni, lonena ndalama ndi masiku olipirira, ndipo ngati mwapempha kale malipiro ku inshuwalansi, musagwirizane kanthu kampani isanadziwe. Kampani ikakulipirani imatenga ufulu wokatolera ndalamazo kwa wowonongayo, ndipo kulandira mbali zonse ziwiri pa chiwonongeko chimodzi kungakuikeni inu m'mavuto.

Za kukonza zenizeni ndi zosavuta. Dutsitsani chikhadabo pa mkandowo: ngati sichikodwa, kupolisha kokha kungauchotse, koma ngati chikukodwa ndipo pansi pakuoneka chitsulo, mbali imeneyo iyenera kupopedwa penti isanachite dzimbiri, makamaka popeza mvula ya Novembala ili pakhomo. Wopopa penti asasakanize mtundu ndi maso okha. Pa Toyota nambala ya mtundu imalembedwa pa kachikwangwani ka pamphuthu ya chitseko kapena pansi pa boneti, monga 040 ya yoyera kapena 1F7 ya siliva, ndipo mukaone ntchito yake masana padzuwa musanalipire ndalama yomaliza. Galasi la m'mbali mugule m'sitolo yopereka risiti. Lotsika mtengo limene mnyamata angakubweretsereni m'chikwama kawirikawiri linagona pa galimoto ya munthu wina dzulo lake, ndipo n'chifukwa chake ambiri amalembetsa nambala ya galimoto pa magalasi awo.

Kamera yanu yachita bwino kujambula galimoto itazima, koma muonetsetse kuti inalumikizidwa ndi kachipangizo kodula moto batire ikayamba kutsika, kuopa kuti mungadzuke galimoto ikukana kulira. Ndikukulangizaninso kuzimitsa mbali yojambula mawu, kapena kuwauza okwera nawo kuti ikumva, chifukwa aphunzitsi anzanu amene mumawanyamula popita kusukulu amalankhula za m'mabanja mwawo ndi za akuluakulu a pantchito osadziwa kuti zonse zikulowa m'khadi. Poimika galimoto usiku, iyang'anitseni ku njira yolowera pakhomo panu, osati pa zenera kapena pa bafa la aneba, ndipo ngati ndalama zilola muwonjezere kamera yachiwiri yoyang'ana kumbuyo, popeza kumeneko ndi kumene zenera lanu linaswedwera kamera yakutsogolo osaona kanthu.