Mwana akulakalaka ukulu m'makampani a gasi, ayambire pati?

Mayi a ku Luchenza, mwalemba m'gulu muno kuti mtsikana wanu wakhoza bwino MSCE ndipo maso ake ali pa udindo waukulu m'kampani ya gasi, koma achibale akumugwetsa ulesi kuti gasi watha ntchito, dziko lonse likuthamangira ku sola. Ambiri amene ayankha kale angoti "Mulungu amutsogolere", zomwe ndi zabwino, koma inu mwafunsa njira.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene timazitchula dzina limodzi. Gasi wa m'masilinda amene timakathiritsa ku Limbe uja ndi LPG. Gasi amene makampani akuluakulu akulimbirana ndi wina, wochokera pansi pa nthaka kapena pansi pa nyanja, ndipo mbali yake yaikulu ndi methane. Ameneyu kuti akwere sitima amamuziziritsa mpaka madigiri 162 pansi pa ziro, n'kusanduka madzimadzi, malo amene amatenga n'kuchepa ka 600. Akatero amatchedwa LNG. Kuno ku Malawi sitikumba gasi wotere, ndiye mwanayo adziwiretu kuti ntchito zake zambiri zili kunja.

Kunjako si kutali. Mukawoloka pa Muloza mwalowa kale m'dziko la Mozambique, limene lili ndi gasi wochuluka zedi. Ku Pande ndi ku Temane, m'chigawo cha Inhambane, kampani ya Sasol yakhala ikutulutsa gasi kuyambira 2004, ndipo paipi ya makilomita 865 imamufikitsa ku Secunda ku South Africa. Kumpoto, ku Cabo Delgado, gasi wa pansi pa nyanja anapezeka cha mu 2010. Kampani ya Eni inaika fakitale yoyandama pamadzi yotchedwa Coral Sul, imene inatumiza katundu wake woyamba mu Novembala 2022. Pulojekiti ya TotalEnergies ku Afungi, ya ndalama pafupifupi madola 20 biliyoni, inaima mu 2021 zigawenga zitaukira tauni ya Palma, ndipo inakhala chiimire kwa zaka zingapo. Nkhani ya Palma ndaitchula dala. Ntchito imeneyi ili ndi ndalama, koma imagwedezeka ndi nkhondo, ndale komanso mitengo ya pa msika wa dziko lonse, ndipo pulojekiti ikaima anthu amabwerera kwawo ndi zikwama. Nako ku Tanzania gasi wa ku Songo Songo ndi ku Mtwara amapanga magetsi a ku Dar es Salaam.

Tsono za achibale aja. Sakunama kwenikweni, angofulumira. Gasi akamayaka popanga magetsi amatulutsa utsi wa kaboni pafupifupi theka la umene malasha amatulutsa, n'chifukwa chake maiko ambiri akumutenga ngati mlatho wochoka ku malasha kupita ku dzuwa ndi mphepo. Ubwino wina ndi wakuti makina a gasi amayatsidwa msanga dzuwa likalowa kapena madzi akachepa mu mtsinje. Ife tikudziwa kuwawa kodalira gwero limodzi: namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kumene kunatsatira palibe waiwala. Sola ya ku Salima ndi ya ku Golomoti ikuthandiza, koma usiku pamafunika mabatire kapena china chogwirizira. Vuto la gasi ndi lakuti methane akathawa m'mapaipi osayaka, pa zaka 20 zoyamba amatenthetsa dziko kuposa kaboni maulendo opitirira 80. Mabanki ena a ku Ulaya ayambanso kuumira ngongole pa mapulojekiti atsopano. Maganizo anga ndi akuti gasi adzakhalapo pa zaka zambiri za ntchito ya mwanayu, koma munthu wodziwa gasi yekhayekha adzavutika akamadzafika zaka za ukulu zimene akuzilakalakazo.

Apa ndiye pagona nkhani. Palibe kosi imene munthu amamaliza n'kutuluka ali bwana wa kampani ya gasi. Mabwana amenewo ambiri anayamba ngati mainjiniya ovala chipewa cholimba ndi majombo, akugona ku kampu milungu ingapo osaona kwawo. Ena analowera ku ndalama, ku malamulo, ku zogula ndi kugulitsa, kapena ku chitetezo cha pa ntchito ndi chilengedwe. Chimene chimamukweza munthu ndi kusenza pulojekiti kuyambira pa pepala mpaka itayamba kugwira, osapyola bajeti, popanda wovulala. Pamwamba pake adziwe kuwerenga mgwirizano wogulitsa gasi wa zaka 20, komanso kukhala pansi ndi nduna lero, mawa ndi mafumu a m'mudzi umene paipi ikudutsa. Izi siziphunzitsidwa chaka chimodzi. Zaka khumi ndi zisanu kapena makumi awiri si zachilendo.

Poyambira pali pakhomo pompano. Yunivesite ya MUST ili ku Ndata konkuno ku Thyolo, ndipo imaphunzitsa uinjiniya wa makemikolo komanso maphunziro a miyala ndi nthaka. Ku yunivesite ya MUBAS ku Blantyre kuli uinjiniya wa makina ndi wa magetsi. Ine ndingamulangize asankhe digiri yotakata ngati imeneyi, chifukwa injiniya wa makemikolo kapena wa magetsi akhoza kugwira ku gasi, ku sola, ku fakitale ya feteleza ngakhale ku fakitale ya shuga. Ngati masamu ndi fizikisi sizimukomera, asakakamire, akaunti kapena malamulo ndi khomo lenileni ndithu. Akamaliza asanyoze ntchito zakuno. Mabungwe a za magetsi ndi mafuta monga MERA, NOCMA, ESCOM ndi EGENCO ndi malo amene munthu amaphunzira mmene mitengo imakhazikitsidwira ndi mmene malayisensi amaperekedwera. Ngakhale timakina ta magetsi a madzi pa mtsinje wa Ruo kapena ku Bondo m'munsi mwa phiri la Mulanje tingamuphunzitse zambiri pa nthawi ya tchuthi. Apite akaonenso fakitale ya tiyi, aone milu ya nkhuni za bulugamu imene imalowa m'ng'anjo kuti tiyi aume, adzifunse kuti kutentha kumeneko kungachokere kuti kwina ndipo kungadye ndalama zingati. Funso limenelo ndi lomwe mabwana a zamphamvu amalipiridwa kuti ayankhe.

Chinthu chimodzi chimene ana athu amachinyalanyaza ndi Chipwitikizi. Ku Mozambique malamulo ndi misonkhano ya boma zimayenda m'chilankhulo chimenecho, ndipo dziko lililonse limayamba laganizira nzika zake polemba ntchito, choncho Mmalawi amalowa ndi luso limene likusowa. Ayambe kuphunzira panopa, pa foni pomwepo. Ngati kwanu mumalankhula Chilomwe musamuletse, ndi chapachibale ndi Chimakua chimene chimamveka kwambiri kumpoto kwa Mozambique.

Poti ndi mtsikana, ena adzamuuza kuti ku kampu si kwa akazi. Zoona amuna ndi ochuluka kumeneko, koma makampani akuluakulu masiku ano akufunafuna akazi a uinjiniya, ndipo mwayi wa sikolashipu ya digiri yachiwiri kunja umakhalapo kwa amene wakhoza bwino yoyamba.

Pomaliza, chenjerani ndi mauthenga a pa WhatsApp onena kuti kampani ya gasi ku Pemba, mzinda wa ku Cabo Delgado, ikufuna anthu, tumizani ndalama ya fomu kapena ya mayeso a kuchipatala. Kampani yeniyeni siitanitsa ndalama kwa wofunsira ntchito, imalengeza pa tsamba lake la pa intaneti. Mutiuze mapointi amene wapeza pa masamu, fizikisi ndi kemisitiri, kuti amene akudziwa za kasankhidwe ka ku yunivesite m'gulu muno akuthandizeni kusanja makosi pa fomu ya NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba.